Kodi Benchi ndi ya Ndani?

Sabata ino mpata wolemba wagwera ine, mayi wa tomato wa ku Area 23. Nthawi zambiri ndimangowerenga zolemba zanu mwakachetechete, foni ili pakati pa milu ya anyezi, koma lero ndabwera ndi funso lomwe linandisowetsa tulo kumayambiriro kwa 2025. Munthu akasiya ntchito yake kuti akadwazike m'bale, n'kubwerako patapita zaka, kodi ayenera kupeza malo ake monga anawasiyira? Nanga zomwe zatayika m'zaka zimenezo, womubwezera ndani? Musafulumire kuyankha. Inenso ndinkayesa kuti yankho ndikulidziwa, mpaka tsiku lomwe ndinaima kutsogolo kwa benchi yanga ngati kasitomala.

Mu Epulo 2022 amayi anga anagwa pakhomo pawo kumudzi ku Dedza akuchokera kudimba. Inali sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, pakamwa panakhota, mawu n'kumatuluka movutikira. Tinabwera nawo ku Central kuno ku Lilongwe. Inu amene munagonekapo wodwala m'chipatala cha boma mukudziwa kuti wodwala salowa yekha, amalowa ndi gadiyani. Madokotala ndi anamwino amachita mbali yawo, koma womusambitsa, womudyetsa phala ndi womuchapira ndi gadiyani. Kwathu tinabadwa atatu. Achimwene aakulu amagwira ntchito ku Kanengo, wamng'ono wathu ali ku Johannesburg, ine wapakati ndine mkazi ndekha. Panalibe msonkhano wosankha gadiyani, aliyense anangodziwa. Achimwene anati, "Iwe chemwali, poti zako ndi za geni, ukhoza kuyamba wasiya kaye. Ine abwana sangandilole." Ndipo ine sindinaone cholakwika m'mawu amenewo. Ndinamanga chitenje n'kunyamuka.

Benchi yanga ndinasiyira mtsikana wina wa kumpingo kwathu, yemwe nthawi imeneyo ankayenda ndi beseni la masamba pamutu, kuzungulira m'makomo. Ndinamuuza kuti, "Ndisungire miyezi iwiri yokha, amayi akangopezako bwino ndibwera." Sitinalembe kalikonse, ndipo sindinamuuze kuti azindipatsa kangachepe. Miyezi iwiriyo inasanduka zaka pafupifupi zitatu. Atatuluka m'chipatala amayi anabwera kunyumba kwanga, chifukwa kumudzi kunalibe wowasamala. Tsiku lililonse linkafanana ndi linzake: kuwasambitsa, kuwasintha thewera, kuwatulutsa kuti aothe dzuwa, kuwaongola dzanja monga anatiphunzitsira a mafizo, kuwatembenuza usiku kuti asachite zilonda. Munthu wotere sungamutsekere m'nyumba n'kupita ku Wakawaka 4 koloko m'mamawa kukapikula tomato. Tinkadya zomwe bambo a kunyumba apeza pa kabaza ndi zomwe achimwene atumiza. Amayi anatisiya mu Novembala 2024.

Sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni, ndiponso musandiyese mngelo. Analipo masiku okoma, pomwe amayi ankandigwira ndi dzanja lawo lamoyo lija n'kumaseka ndi mbali imodzi ya nkhope. Unaliponso usiku womwe ndinkachapa zofunda kachitatu, chamumtima n'kumati, kodi zimenezi zidzatha liti? Ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti kutha kwake ndi maliro. Amene munadwazikapo matenda a mgonagona mukudziwa zomwe ndikunena, kungoti sitizitchula pagulu.

Pamaliro kumudzi zonse zinayenda monga mwa mwambo. Bambo wina anaimirira ndi kope n'kuyamba kulengeza: bokosi agula ndi achimwene, galimoto alipira ndi anzawo a kuntchito, wa ku Johannesburg watumiza zakuti, a mpingo zakuti, amfumu zakuti. Ngakhale wopereka K500 dzina lake linamveka. Zinali zoyenera, sindikudandaula nazo. Koma nditakhala pamphasa pakati pa azimayi anzanga, ndinazindikira kuti m'kope lija munalibe mzere wolembapo zaka. Zomwe ndinapereka ine zinalibe dzina, ndipo wina akanazitchula, ine ndemwe ndikanayamba kuchita manyazi.

Mu Febuluwale 2025 ndinati basi, ndalira mokwanira, ndibwerere kumsika. Ndinapeza dziko lina. Pomwe ndinkachoka, K5,000 inali itangotuluka kumene, ndipo kasitomala akakupatsa imeneyo unkazungulira msika wonse kusaka chenje. Pobwera ndinaipeza ikutha m'manja ngati madzi. Mukukumbukira kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ine nkhani zimenezo ndinkazimvera pa wailesi ndikutakasa phala, osadziwa kuti akunena za kampamba kanga komwe ndinakamanga m'kansalu pansi pa sutikesi. Ndalama yomwe kale inkadzaza madengu atatu inalephera kudzaza limodzi. Mwezi womwewo anzathu a kaunjika anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za kukwera mtengo kwa mabelo. Ngati iwo amene sanachokepo pamsika ankalira choncho, nanga ine wobwera kumene?

Komatu ndalama si chachikulu chomwe ndinataya. Anthu omwe ankandipatsa katundu pangongole ku Wakawaka, ena anasiya geni, ena anandiiwala nkhope. Ku banki mkhonde ndinali nditatuluka kalekale chifukwa chosowa zosonkha. Makasitomala ena masiku ano amangoimba foni, katundu n'kupita pa kabaza, ndalama n'kulowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo nambala yomwe amaimbayo si yanga.

Ndiye ndinafika pa benchi paja. Poyamba ndinaipitirira, osaizindikira. Denga lomwe ndinasiya likudontha linali ndi pepala latsopano, matabwa awonjezera, ndipo pamwamba panali tomato, anyezi, gilini pepa, masamba ndi thileyi ya mazira. Mtsikana uja anali kumbuyo kwake, mwana kumsana, akuikira mayi wina basela. Atandiona anatuluka, tinapatsana moni, anandipepesanso maliro. Nditamuuza kuti ndabwera kudzayambiranso, anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenako anati, "Asisi, benchi ndi yanu, sindingakane. Koma mukandichotsa pano, ana anga akadya kuti?" Bambo wa ana ake anali atamuthawa chaka chapitacho. Zimenezo ine sindinkazidziwa, chifukwa kwa zaka zitatu matenda omwe ndinkawadziwa anali a m'nyumba mwanga okha.

Ndinakaonana ndi akuluakulu a pamsika. Sanazungulire. Anati, "Mayi, aliyense pano akudziwa kuti malowo ndi anu. Mukanena lero, mawa achokapo." Ndinabwerera kunyumba chilungamo chili m'manja mwanga, koma tulo osabwera.

Mbali yanga inali yomveka, ndipo ndikudziwa kuti ambiri a inu mwaima kale kumbuyo kwanga. Sindinapite kokasangalala. Ndinachita zomwe mpingo, mudzi ndi aliyense amati mwana wabwino azichita. Ngati mphoto ya kudwazika mayi ako ndi kutaya podyera, ndiye tikuwaphunzitsa chiyani atsikana omwe akubwera m'mbuyomu? Kuti wochenjera ndi amene amazimitsa foni kumudzi kukagwa matenda? Komanso pangano ndi pangano. Ndinamubwereka, sindinamupatse. Wobwereka nkhwangwa sanena kuti yasanduka yake chifukwa choti wakhala nayo nthawi yaitali.

Koma nkhwangwa ndi benchi si zofanana. Ngakhale munda ndi benchi n'zosiyana. Munda ukausiya umasanduka tsala, koma nthaka imakudikira, mwinanso n'kubwerera chonde. Benchi ukaisiya masabata awiri yafa, chifukwa benchi si matabwa ayi. Benchi ndi anthu omwe amadziwa kuti akafika pakona paja akupeza. Anthu omwe ine ndinasiya, ambiri anasamuka kapena anazolowera kwina. Omwe ndinawapeza anali ake. Anawasunga m'nthawi ya kolera, pomwe sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023, anthu akuopa chilichonse cha pamsika. Anawasunga mu 2024, chaka cha ng'amba, boma litalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, anthu akugula tomato mmodzimmodzi. Tikiti ya khonsolo ankadula ndi iye tsiku ndi tsiku. Akanapanda kukhalapo, malowo akanapita kalekale kwa wina, ndipo ine sindikanapeza n'choti ndizilimbirana chomwe. Ndiye chomwe ndinkafuna kutenga chinali chiyani, matabwa anga kapena zaka zake?

Apa m'pamene ndinaona chinthu chomwe ndikufuna mutenge m'nkhani ino. Kudwazika ndi katundu wolemera, ndipo katundu sasowa, amangochoka pamutu wina kupita pamutu wina mpaka atapeza wopanda mawu. Amayi atadwala, katunduyo anagwera banja lonse. Achimwene anamusenzetsa ine, chifukwa ntchito yawo ili ndi bwana pomwe yanga ilibe. Tsopano ine ndinali pafupi kumusenzetsa mtsikana wa ana awiri, yemwe amayi anga sanamubereke ndipo sanamulere. Ngongole inali ya banja lathu, koma wolipira akanakhala iye, osati chifukwa cholakwa, koma chifukwa ndiye anali wosavuta kumukankha.

Lamulo la ntchito la dziko lino limadziwa kuti munthu akhoza kuchoka pantchito chifukwa cha banja. Mayi wolembedwa ntchito amapatsidwa masabata osachepera 8 a tchuthi cha uchembere, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo pobwera ayenera kupeza ntchito yake. Mu 2021 anawonjezerapo masabata awiri a abambo. Ndi zabwino ndithu. Koma ife a pamsika tilibe bwana woti atisungire mpando, ndipo sitiroko siwerenga masabata 8. Ngakhale a mu ofesi, matenda akatalika, ambiri amangosiya ntchito. Ndili ndi mnzanga yemwe ndinalemba naye MSCE, anasiya ntchito ya ukalaliki kuti alere mwana wobadwa ndi ulumali. Akuti pofunsira ntchito funso ndi limodzi lomwelo: zaka zonsezi munali kuti? Akayankha kuti anali kunyumba, amamuyang'ana ngati anali mtulo.

Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linanena mu 2018 kuti pa ntchito yonse yosamalira anthu yomwe ilibe malipiro, magawo atatu mwa anayi amagwira ndi akazi. Ine sindinkafunika lipoti kuti ndidziwe zimenezo. Pitani pa chipatala chachikulu chilichonse nthawi ya nkhomaliro, muone omwe anyamula makontena a nsima pachipata. Aliyense mwa iwo wasiya chinachake: wina benchi ku Kawale, wina saluni ku Biwi, wina geni ya mtedza ku Mgona, wina makina osokera ku Chinsapo, wina sukulu ali Fomu 3. Chipatala chimayenda chifukwa cha iwo, achimwene awo amafika kuntchito pa nthawi yake chifukwa cha iwo, koma palibe buku lililonse lomwe mayina awo alimo.

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga izi mtima ukumuwawa. Akuti, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Iwo anakusambitsa uli khanda osalemba m'kope, ndiye lero iwe uziwerengetsera? Chikondi chili ndi mtengo? Mawu amenewa ndi oona, ndipo ndawaganizira kwambiri. Kwa amayi anga ndilibe ngongole yoti nditolere. Atati adzukenso lero, ndikhoza kuwasambitsanso. Koma kuwerenga si kugulitsa. Pamaliro tinawerenga ndalama ya bokosi, ndipo palibe anati achimwene agulitsa mayi awo. Timawerenga kuti tidziwe yemwe wasenza chiyani, kuti wina asafe ndi katundu wa anthu atatu. Chikondi chomwe chimaletsa kuwerenga nthawi zambiri chimakomera amene sanasenze.

Ndiye Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi ndinakwera minibasi kupita ku Area 25 kwa achimwene. Alamu anandilandira bwino, tinadya. Kenako ndinati, "Achimwene, ndabwera kudzapempha mpamba. Koma si ngongole ayi, ndi gawo lanu la matenda a amayi." Nkhope inasintha. Anati, "Ukutanthauza kuti tikulipire chifukwa chosamala mayi ako okubala? Ine sindinkatumiza ndalama mwezi ndi mwezi?" Ndinayankha kuti, "Munkatumiza, ndipo sindidzaiwala. Koma inu munkathyola zipatso, mtengo wanu ulipobe. Ine ndinadula mtengo weniweniwo. Ndinu mwinimbumba, ndikapanda kuuza inu ndikauza ndani?" Mawu amenewa ndinawanena manja akunjenjemera, chifukwa kwathu mlongo wako wamkulu sulankhula naye choncho.

Sanandiyankhe tsiku limenelo. Panapita masabata atatu foni ili zii. Kenako usiku wina uthenga unalowa: ndalama, theka la zomwe ndinapempha, popanda mawu aliwonse. Wa ku Johannesburg nditamufotokozera anati, "Asisi, pepani, sindinaganizepo n'komwe." Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona, ndipo vuto lake ndi limenelo. Panalibe woipa mtima m'banja mwathu. Tonse, ngakhale ine ndemwe, tinkaona ngati geni ya mkazi ndi chinthu choti ukhoza kuchipinda n'kuika pansi pa pilo, n'kudzachifunyulula chili chimodzimodzi. Mpaka lero ine ndi achimwene timapatsana moni mozizira pang'ono. Sindikunamizani kuti zinatha bwinobwino.

Za benchi, tinagawana. Tinawonjezera thabwa limodzi, iye anatenga masamba, mazira ndi gilini pepa, ine tomato ndi anyezi. Tikiti aliyense amadula yake. Musaganize kuti ndi nkhani ya mu filimu. Iye anataya, chifukwa tomato ndiye ankamuyendera kwambiri. Inenso ndinataya, chifukwa theka la benchi ndi theka la phindu. Timakwiyitsana, makamaka kasitomala wake wakale akaima mbali yanga n'kumaseka nane. Anzanga ena pamsika amati ndinapusa, fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Masiku ena, lendi ikayandikira, ndimaona ngati akunena zoona. Koma mwana wake atagonekedwa ndi malungo mwezi watha, ndinamugulitsira masiku anayi, ndalama yake n'kumaika m'kachitini padera. Pobwera anapeza makasitomala ake alipo. Ndinazindikira kuti chimenechi ndi chomwe ine ndinkafunika mu 2022: osati munthu wondilowa m'malo, koma munthu woima pambali panga.

Chibwerereni, anthu amandiuza mawu a mitundu iwiri. Ena amati, "Aaa, mwataya nthawi, anzanu pano ali ndi mashopu." Ena amati, "Musadandaule, Mulungu adzakubwezerani." Oyambawo amaona ngati zaka zitatuzo zinali zopanda kanthu. Achiwiriwo amavomera kuti zinali ndi kanthu, koma ngongoleyo amaitumiza kumwamba kuti pansi pano pasapezeke woilipira. Ine ndimapemphera, ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu amaona. Koma sindikhulupirira kuti anatipatsa abale kuti azimusiyira Iye nkhani ya mpamba wa tomato.

Ndiye yankho langa pa funso lija ndi ili. Wobwerera alibe ufulu wopeza dziko litaima kumudikira. Dzuwa silinaime, ana a anthu ena anapitiriza kumva njala, ndipo amene anagwira ntchito pamalo pakepo anagwiradi ntchito. Koma ali ndi ufulu wopeza poyambira, ndipo oyenera kumupatsa poyambirapo ndi omwe anawasenzera katundu, osati munthu wofooka yemwe wamupeza pafupi. Tikasokoneza ziwirizi, amphawi awiri amamenyana pa thabwa limodzi, pomwe eni ngongole ali phee.

Chakudza sichiimba ng'oma. Ena mwa inu foni ija idzalira chaka chino. Ikadzalira, gadiyani asananyamuke, khalani pansi ngakhale kwa mphindi khumi mufunsane: wasiya chiyani, chisungidwa bwanji, ndipo akadzabwerako adzayambira pati? Ngati pali alongo, gawanani masiku, osati ndalama zokha, chifukwa mwamuna naye manja ali nawo. Ngati mukusiyira wina malo, panganani pamaso pa mboni kuti miyezi iwiri ikadzakhala zaka ziwiri mudzatani. Ndipo inu amene mumalemba anthu ntchito, mukaona zaka zosalembedwa pa pepala la munthu, mufunseni kuti ankasamala ndani. Munthu amene wadzuka 2 koloko usiku kwa zaka zitatu popanda womuyang'anira, ndikukayika ngati angakuvuteni pa nkhani yofika mochedwa.

Ndisiyire pomwepa, kwatsala pang'ono kucha ndipo tomato wabwino ku Wakawaka sadikira munthu. Koma musanapitirire, taganizani za kwanu. Pomwe agogo, amayi kapena abambo anu ankadwala, gadiyani anali ndani? Ali kuti lero, ndipo akudya chiyani?